Nsabwe za ku Nsambe zilibe mwini

Ku Nsambe mbuzi iliyonse ili ndi mwini wake. Nkhuku ikangolowa m'dimba la eni, dzuwa lisanalowe mwini wake wafika kale ndi mboni ziwiri. Thumba la kachewere likagwa pa lole panjira yotsikira ku Neno boma, limapeza eni ake atatu, aliyense akulumbira kuti analisoka yekha. Chiweto chokhacho chosowa mwini m'dera lonse la Mfumu Dambe ndi nsabwe. Ikapezeka m'mutu mwa mwana, mayi ake amati yachokera kusukulu. Aphunzitsi amati yachokera kunyumba. Agogo amati yabwera ndi ana a ku Mozambique odzagula sopo pamsika. A ku Mozambique nawonso, ndikhulupirira, akaipeza amaloza chala kuno.

* * *

Mayi wina anafika pakhomo la mnzake m'mawa, chitenje chili m'chiuno, mwana akumukoka padzanja.

"Amayi, mwana wanu wapatsira wanga nsabwe."

"Mwazidziwa bwanji kuti ndi za kwathu? Zili ndi chiphaso?"

"Ndi zonenepa. Mudzi uno amene mumadya bwino ndinu nokha."

Woimbidwa mlanduyo anakhala chete, osadziwa ngati akalipe kapena athokoze. Mapeto ake analowa m'nyumba n'kukatenga mpando ndi tiyi.

Kunena zoona, nsabwe sifunsa kuti pakhomo pano ndiwo zake n'chiyani. Chakudya chake ndi magazi a munthu basi, ndipo imayamwa kangapo patsiku. Sifunsanso kuti mwasamba liti. Ku America, kumene madzi otentha amatuluka pakhoma, bungwe lawo loona za matenda la CDC limayerekeza kuti chaka chilichonse nsabwe zimagwira ana pakati pa 6 miliyoni ndi 12 miliyoni a zaka 3 mpaka 11. Choncho amene amati nsabwe ndi za auve akunyoza ana ambiri osamba kawiri patsiku.

* * *

Mphunzitsi wa masamu anafuna kuti phunziro likhale la zinthu zodziwika.

"Nsabwe yaikazi imaikira mazira 6 patsiku, ndipo imakhala ndi moyo masiku 30. Mazira onse pamodzi ndi angati?"

Kalasi yonse zii. Kumbuyo kamnyamata kena kanakweza dzanja limodzi, linalo lili kalikiliki m'mutu.

"Aphunzitsi, mukufuna a m'kope, kapena ndikuwerengereni enieni?"

* * *

M'mwezi wa Juni ndi Julayi kuno kumtunda kumazizira moti mano amaimba okha. Ana anayi amalowa m'bulangete limodzi, mitu itagundana, ndipo m'mawa chipewa chimodzi chimayenda mitu itatu belu la kusukulu lisanalire. Imeneyo ndiyo nyengo ya nsabwe yopita kukacheza. Ilibe mapiko, ndipo miyendo yake isanu ndi umodzi si yodumphira, ndi yogwirira tsitsi. Imangokwawa kuchoka patsitsi ili kupita patsitsi ilo, mitu ikakhudzana.

Zimenezi zinabutsa mkangano pabwalo la bawo. Bambo wina anaumirira kuti nsabwe imadumpha, anaiona yekha ndi maso ake. Anzake anati imeneyo inali nthata. Mkulu wina wadazi ndiye anafuna kutseka nkhani.

"Ikanakhala yodumpha, bwenzi itafika kale pamutu panga pano. Adzukulu anga onse ali nazo."

"Ifike kudzatani pamenepo, madala? Ngakhale msewu wa ku Neno mu Febuluwale suterera ngati dazi lanulo."

* * *

Pakhomo pena bambo anafufuza nkhaniyi mwakuya, n'kupeza wolakwa: tambala amene ankagona pakhonde. Chigamulo chinaperekedwa madzulo omwewo, ndipo banja lonse linadya nkhuku pakati pa sabata, popanda mlendo. Nsabwe zinapitiriza ntchito. Patapita masiku ochepa ana anabwera onse pamodzi, akukanda mitu ndi manja awiri.

"Ababa, zikuyabwabe. Ife tikuganiza kuti ndi thadzi lakuda lija."

Tambala uja anafera za eni. Nkhuku zili ndi utitiri wawo, ng'ombe zili ndi nkhupakupa zawo, koma nsabwe ya m'mutu mwa munthu imakhala pa munthu yekha. Galu, mphaka, mbuzi, onsewo sizimawakhudza. Ikagwa pansi n'kusowa mutu, m'tsiku limodzi kapena awiri yafa ndi njala.

* * *

Ino ndiyo nkhani imene imandisiyitsa kuseka pakati. Kuno pafupifupi nyumba iliyonse ya mlimi wa kachewere ili ndi sipuleya ndi timabotolo ta mankhwala kuseri kwa chitseko. Mayi wina anaona mwamuna wake akubereka sipuleya dzuwa litalowa kale.

"Bambo a mwana, kudimba usiku uno?"

"Ayi, ndikufuna ndimupopere mwanayu. Nsabwe zatikwana."

"Chabwino. Mukatha mumuthirenso feteleza, timukumbe pakatha miyezi itatu."

Bamboyo anatula sipuleya, ndipo mwanayo tsiku lina adzathokoza lilime la mayi ake. Mankhwala ophera mbozi, Actellic wa anankafumbwe, mankhwala a dibi, Doom wa mphemvu, onsewa amapha nsabwe ndithu, sindikutsutsa. Vuto ndi lakuti sadziwa pothera nsabwe ndi poyambira mwana. Amalowa pakhungu, makamaka pamene pakandidwa mpaka kutuluka tizilonda, ndipo ena amalowera m'maso ndi m'kamwa. Mwana akayamba kutuluka dovu lambiri, thukuta, kusanza kapena kupuma movutika pambuyo pa mankhwala otere, msambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, mvuleni zovalazo, nyamulani botolo lomwelo n'kuthamangira kuchipatala. Cha Adventist chili pa Nsambe pomwepa, china ndi cha Dambe chimene chinatsegulidwa mu 2016 mothandizidwa ndi Abwenzi Pa Za Umoyo. Koma zikavuta kwambiri ulendo wake ndi wa kuchipatala chachikulu ku boma, ndipo aliyense amene anatsikapo mapiri amenewa usiku mvula ikugwa sangafune kuti kachilombo kochepa ngati njere ya chitowe kamuyendetse ulendo umenewo.

Palafini ndiye woipitsitsa, chifukwa amaoneka wozolowereka. Mumupaka mwana m'mutu, mumumanga duku, kenako mwanayo akamva kuzizira apita kukaotha moto kapena kukawerama pa koloboyi. Zotsatira zake sindiziika m'danga la nthabwala.

* * *

Banja lina linasankha njira yachidule. Loweruka usiku Sabata litatha, bambo anatenga lezala n'kumeta mpala aliyense: ana asanu, mayi, iye mwini, mpaka agogo amene analibe mlandu. M'mawa anakhala pakhonde kuothera dzuwa, mitu isanu ndi itatu ili mbee.

Mayi wina wodutsa anaona, anaima, n'kubwerera osapereka moni. Pasanathe ola anthu anayamba kufika mwakachetechete, wina ndi kambale ka ufa, wina ndi mtolo wa nkhuni. Amuna anakhala uko, akazi uku, mitu ili pansi. Mkulu wina anatsokomola n'kuyamba.

"Pepani, ife sitinamve uthenga. Mpaka mwameta kale ife osadziwa? Watisiya ndani?"

"Nsabwe," anatero mwini nyumba.

Ufa anabweza. Nkhuni zinali zitalowa kale pamoto.

Kumeta kumathandiza, pamenepo palibe bodza: popanda tsitsi nsabwe ilibe pogwira, ilibenso pomata mazira. Koma lezala limodzi lisayende mitu yonse. Ndi mmene zipere zimayendera m'banja, ndipo likacheka khungu lingathe kunyamula matenda a m'magazi monga a chiwindi aja otchedwa hepatitis B. Malezala asanu ndi atatu ndi otsika mtengo poyerekeza ndi zimenezo. Komanso mtsikana wa Sitandade 7 musamumete mpala mokakamiza ngati pali njira ina. Nsabwe zimatha m'masabata awiri, dzina limene anzake angamupatse limatha atakwatiwa.

* * *

Pa za tsitsi ndi sukulu, mu Meyi 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti ana achirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Bambo wina atamva pa wailesi anapukusa mutu.

"Basi, nsabwe zapeza boma."

Ankanena zimenezi ana ake atatu, ometedwa bwinobwino mwa lamulo la sukulu, akukanda pambali pake.

* * *

Mpingo wa Adventist ndi wakale m'dera lino, mishoni ya Matandani inayamba mu 1908, kotero ana ambiri a kuno miliri ya ku Iguputo amaidziwa pamtima. Mphunzitsi wa Sukulu ya Sabata anafika pa mliri wachitatu, uja wa nsabwe.

"Nsabwe zitadzaza dziko lonse, Farao anatani?"

Kamtsikana kanayankha mosakayika: "Anati zachokera kwa ana a aneba."

Aiguputo ankazidziwadi. Herodotus, Mgiriki wolemba mbiri amene anayendera dzikolo zaka zoposa 2,400 zapitazo, analemba kuti ansembe akumeneko ankameta thupi lonse pafupipafupi poopa nsabwe. Ofukula zakale apeza zipeso za mano othinana za nthawi zamakedzana, zina zili ndi nsabwe zouma pakati pa mano ake. Ku Brazil anapeza dzira la nsabwe litamatirira patsitsi la munthu amene anakhalako zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Mayi ake ayenera kuti nawonso anati ndi za kusukulu.

Pa Sukulu ya Sabata yomweyo mnyamata wina anafunsa funso limene linawatuluka thukuta akulu a mpingo.

"Abusa, kodi kuswa nsabwe pa Sabata ndi ntchito?"

Abusa anati adzayankha sabata yamawa. Asachite manyazi, funsoli linavutitsa akuluakulu kuposa iwo. M'mabuku akale a Ayuda otchedwa Talmud, arabi anakangana za nkhani yomweyi: Rabbi Eliezer anati kupha nsabwe pa Sabata ndi mlandu wofanana ndi kupha ngamira, anzake anati palibe mlandu. Agogo a mnyamatayo anaweruza mwachangu kuposa onsewo.

"Iyoyo ikuluma pa Sabata, ikupuma?"

* * *

Njira yeniyeni ndi yotopetsa, n'chifukwa chake anthu saikonda. Imafuna chipeso cha mano othinana, mafuta, kuwala kwa dzuwa, ndi munthu wosapupuluma. Tsitsi mulinyowetse, mulipake mafuta odzola kapena mafuta ofewetsa tsitsi kuti nsabwe zilephere kuthamanga. Ngati ndi lolukidwa, limasuleni kaye. Tsitsi lathuli ndi chipeso chothinana sizigwirizana, choncho yambani ndi chipeso chachikulu, ligaweni tizigawo ting'onoting'ono, ndipo ngati mwini wake walola lifupikitseni ndi sizasi. Pesani kuyambira pakhungu penipeni mpaka kunsonga, n'kumapukutira chipesocho pa kansalu koyera kuti muone zimene mwakolola. Kuseri kwa makutu ndi kunkhongo ndiye kumudzi kwawo. Mazira amamatidwa pafupi kwambiri ndi khungu, pofunda, ndipo mudzawasiyanitsa ndi mfundu mosavuta: mfundu ukaupemerera umachoka, dzira limakakamira mpaka ulikoke ndi zikhadabo.

Pamene ambiri amagwera ndi apa: amapesa tsiku limodzi, aswa makumi awiri, n'kulengeza kuti nkhondo yatha. Mazira aja amaswa pakatha sabata kapena kupitirira pang'ono, ndipo tiana take timafuna sabata inanso kuti tikule n'kuyamba kuikira. Ndiye azaumoyo a ku Britain amalangiza kupesa pa tsiku 1, 5, 9 ndi 13, kuti kalikonse kamene kaswa kagwidwe kasanakwatiwe. Ndipo muyang'ane mitu yonse ya m'nyumba tsiku limodzi, kuphatikizapo wa bambo amene akuti alibe nthawi.

Mwana wina ali pakati pa maondo a agogo ake, mutu uli pantchafu, ankamva kuti thi! thi! kuseri kwa khutu.

"Anganga, zatsala zingati?"

"Khala bwino. Ndikadali kwa a nyakwawa, kwa a gulupu sindinafike."

* * *

Wandale wina anabwera nthawi ya kampeni, monga amabwerera onse, kudzalonjeza msewu wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza. Anakweza chala m'mwamba.

"Abale anga, tigwirane manja! Chala chimodzi sichiswa nsabwe!"

Gogo wina kutsogolo anayankha mokweza, osadikira maikolofoni.

"Nsabwezo tikuswa tokha, bwana. Inu mungobweretsa phula."

* * *

Mayi wina ankanyadira pa mjigo.

"Ana a m'mudzi muno onse akukanda. Wanga yekha ayi."

Mnzake anamuitana mwanayo, n'kupatula tsitsi kuseri kwa khutu. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Asisi, wanu sakanda chifukwa akuopa kudzutsa alendo."

Zimachitikadi. Kuyabwa kumabwera chifukwa thupi likudana ndi malovu a nsabwe, ndipo mwana amene zamugwira koyamba angathe kukhala masabata 4 mpaka 6 asanamve kanthu. Nthawi yonseyo akugawira anzake mwaulere. Wokanda uja amene mukumuloza mwina ndi wolandira chabe.

Kuyabwa kwina n'kwa m'maganizo. Mlangizi wa zaumoyo anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo, nafotokoza bwinobwino mmene nsabwe imakwawira, mmene imaboolera khungu, mmene imamatira mazira. Kenako anati:

"Amene kunyumba kwake kuli vutoli akweze dzanja."

Palibe anavomera. Koma manja onse anali kale m'mwamba, wina kunkhongo, wina pansi pa duku, a mfumu atalowetsa zala ziwiri m'chipewa. Mlangizi anawerenga mofatsa n'kulemba m'buku lake.

"Zikomo a mfumu potsogolera."

Inunso owerenga chotsani dzanja m'mutu.

* * *

Mankhwala enieni a nsabwe aliko, opangidwira mutu wa munthu. Odziwika kwambiri ndi a permethrin, opaka n'kutsuka pakapita mphindi zochepa monga zalembedwera pabotolo. Funsani kuchipatala kapena kufamase, ndipo khanda musalipake kanthu musanafunse. Mankhwalawa sapha mazira onse, n'chifukwa chake amabwerezedwa pakatha masiku 7 mpaka 9. M'maiko ena nsabwe zinayamba kuwapirira, choncho chipeso musachitaye.

Mayi wina anabwerera kwa namwino ali wokwiya.

"Anesi, mankhwala anu aja ndi madzi. Zabwereranso."

"Munabwereza patatha sabata?"

"Ndikanabwereza bwanji? Otsalawo ndinabwereka alamu anga."

"Iwo anapaka ana awo?"

"Ayi, akusunga. Akuti adzapaka zikadzachuluka."

"Nanga ana awowo amagona kuti?"

"Ndi anga, bulangete limodzi."

* * *

Pali msuweni wake wa nsabwe ya m'mutu amene sasekedwa: nsabwe ya m'zovala. Iyo imakhala ndi kuikira m'misoko ya malaya, n'kumangopita pathupi kukadya. Ya m'mutu sifalitsa matenda, kupatula zilonda zobwera ndi kukanda, zimene zikayamba mafinya zimafuna chipatala. Ya m'zovala imafalitsa typhus, nthenda imene inathandiza kumaliza asilikali a Napoleon pobwerera ku Russia mu 1812. Dokotala wa ku France, Charles Nicolle, ndiye anatsimikiza mu 1909 ku Tunis kuti wofalitsa ndi nsabwe, ndipo mu 1928 analandira nazo mphotho ya Nobel. Agogo athu anaswa zambiri kuposa iye, sanalandire ngakhale sopo.

Pa zovala ndi zogonera musachite kuotcha mphasa. Zimene mwana wavala kapena kugonera m'masiku awiri apitawa zichapeni ndi madzi otentha, ziume padzuwa, simbi yamakala idutse m'misoko. Zosachapika zimangeni m'jumbo kwa masabata awiri. Zipeso ziviikeni m'madzi otentha mphindi 10.

Mayi wina anamva za madzi otenthawo, n'kuganiza kuti owira aposa. Anatereka mphika waukulu wa thobwa, n'kuponyamo zonse, pamodzi ndi jekete laubweya la pa kaunjika limene mwamuna wake ankavala potsogolera nyimbo kutchalitchi. Madzulo bambo anafika.

"Make mwana, jekete langa lija?"

"Nsabwe zafa zonse, bambo."

"Ndafunsa jekete."

"Lilipo. Koma tsopano lili Sitandade 4."

* * *

Pakhomo pena anachita zonse mwa dongosolo. Anapesa pa tsiku loyamba, lachisanu, lachisanu ndi chinayi. Anachapa, anasita, anagula chipewa chachiwiri. Pa tsiku la 13 kansalu kanatuluka koyera, mayi anaimba nyimbo. Madzulo omwewo njinga yamoto inaima pabwalo, n'kutsika azakhali a ku Blantyre ndi mwana wawo wamkazi, woluka meshi yonyezimira, wodzakhala holide yonse. Asanamalize moni, kamtsikanako kanalowetsa chala pakati pa mizere ya meshi n'kuyamba kukumba.

Azakhali anaona maso a anthu onse ali pamenepo.

"Musadandaule, ndi mfundu chabe. Kutauni kulibe zimenezo. Agona ndi anzakewa eti?"

Agogo anatambasula dzanja n'kutenga chipeso pa tsindwi.

"Bwera kuno, mdzukulu wanga. Tiuwerenge miyendo mfundu wakowo."